Thanki ya kompresa ikabooka ndi dzimbiri, yatha ntchito

M'magalaja a ku Biwi ndi ku Ndirande, kwa okonza matayala m'mbali mwa msewu, kwa opopera penti ndi kwa akalipentala, ngakhalenso kuseri kwa nyumba zambiri, kompresa yaing'ono yasanduka chida chosasowa. Pa makina amenewa maso athu amakhala pa zimene zimazungulira ndi kulira. Mota ikatentha timadziwa, lamba akakhwefuka timamva, pampu ikayamba kuchedwa kudzaza timaimasula tsiku lomwelo. Thanki imene zonsezi zakhalapo sitiiwerengera, poti ndi chitsulo chongokhala duu, ndipo penti ikakhala ikuwala timaiyesa yamuyaya. Komatu kupatula magetsi, chimene chingaphe munthu nthawi imodzi pa kompresa ndi thankiyo, ndipo imayamba kutha m'kati, kumene diso silifika. Mfundo yanga ndi yakuti thanki ya mphepo ili ndi masiku owerengeka ngakhale itasamalidwa chotani, ndipo ikangobooka ndi dzimbiri siyenera kuwotchereredwa, kumatidwa kapena kugulitsidwa kwa wina. Mawu amenewa ndi olemera kwa amisiri amene luso lawo lagona pa kuukitsa zinthu zimene ena ataya, ndipo luso limenelo ndi loyenera ulemu. Nchifukwa chake m'pofunika kulongosola bwino chimene chikusiyanitsa thanki ndi zitsulo zina zonse za m'galaja.

Madzi a m'thanki sachita kuthiridwa ndi munthu, amalowa ndi mpweya. Tsiku lotentha madigiri 30, mpweya wokwana malita 1,000 ukhoza kunyamula chinyezi cholemera magalamu 30, pamene pa madigiri 20 umanyamula magalamu 17 okha. Kompresa yofika presha ya 8 bar imatenga malita 9 a mpweya wapanja n'kuwapanikiza m'malo a lita imodzi. Chinyezi cha malita 9 onsewo chimalowa nawo, koma mpweyawo ukazizira m'thanki, lita imodziyo singasunge chinyezi choposa chimene lita imodzi imasunga panja. Chotsalacho chimasanduka madontho pa khoma la thanki n'kutsikira pansi. Kudzaza kamodzi thanki ya malita 50 tsiku lachinyezi kumasiya madzi ochepa, masipuni ang'onoang'ono awiri mwina osakwana. Koma wopopera penti kapena wokonza matayala sadzaza kamodzi. Kompresa ikamalira mosalekeza kwa ola lathunthu m'nyengo ya dzinja imakoka madzi oyandikira kapu yonse, ena amatuluka ndi paipi, ena amatsala. Kunyanja monga ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, kapena m'chigwa cha Shire, kumene kutentha ndi chinyezi zimayendera limodzi, madziwa amachuluka kuposa ku Dedza m'mwezi wa July. Palibe kompresa ya pisitoni imene sipanga madzi, yodula kapena yotchipa.

Madzi ndi okosijeni zikakumana pa chitsulo, dzimbiri silichedwa, ndipo m'thanki zonse ziwiri zilimo zochuluka. Poti mpweya wapanikizidwa, okosijeni wosungunuka m'madziwo ndi wambiri kuposa wa m'madzi apanja. Mathanki ambiri ang'onoang'ono amapentedwa kunja kokha, m'kati n'chitsulo chosapaka kanthu. Dzimbiri la chitsulo silimamatira kuti liteteze chapansi pake. Limafufuma, limakanganuka zibenthuzibenthu, limagwera pansi n'kupanga thope losunga chinyontho ngakhale madzi atakhetsedwa, ndipo pansi pa thopelo chitsulo chimadyeka timaenjemaenje. Tsono taonani malo amene izi zimachitikira. Pa thanki yogona, madzi amayala mzere pansi kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, ndipo dzimbiri limatsata mzere womwewo. Pamene zili choncho, presha imakoka khoma la thanki m'njira ziwiri, mozungulira ndi m'litali, ndipo kukoka kozungulirako kumaposa kwinako kawiri. Ichi ndi chifukwa chake paipi kapena thanki ikang'ambika ndi presha imang'ambika m'litali mwake. Choncho dzimbiri limapyapyalitsa chitsulo pa mzere weniweniwo umene presha imafuna kung'amba.

Mphamvu imene yatsekeredwa m'menemo ambiri timaichepetsa chifukwa geji imangoonetsa kanambala kakang'ono. Presha ya 8 bar ndi pafupifupi makilogalamu 8 pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Chivundikiro cha kumapeto kwa thanki ya malita 50, chotambalala pafupifupi masentimita 30, chimakankhidwa ndi mphamvu yoposa matani 5 ndi theka, kunena kwake matumba a chimanga a makilogalamu 50 oposa 110 atasanjikizana pa kachitsulo kamodzi. Koma kukankhako pakokha sindiko koopsa kwambiri. Choopsa n'chakuti mpweya umapanikizika, ndipo ukapeza potulukira umabwerera ku msinkhu wake m'kamphindi. M'thanki ya malita 50 muli malita 450 a mpweya wofuna kutambasuka. Thanki yomweyo itadzazidwa madzi n'kupopedwa mpaka 12 bar, itang'ambika ingataye madzi osakwana theka la kapu, presha n'kutheratu pomwepo, poti madzi sapanikizika kwenikweni. Mpweya sutero. Mng'alu ukayamba, mpweya umapitiriza kukankha pamene chitsulo chikung'ambika, umafunyulula thanki, ndipo poti mng'aluwo umayambira pansi, kompresa yonse ndi mota yake ikhoza kuulukira kudenga kapena kwa munthu amene waima pafupi.

Apa mmisiri wa zaka zambiri anena kuti waona mathanki okalamba osawerengeka, ena a zaka makumi atatu, ndipo sanaonepo ina itaphulika. Amati imangobooka kabowo n'kumalira kuti tsiii. Akunena zoona, ndipo sitiyenera kumutsutsa pofuna kuopseza anthu. Opanga mathanki amasiya mpata waukulu. Lamulo la mayiko a European Union limati khoma la thanki yachitsulo ya mtundu uwu lisachepere mamilimita 2, ndipo mathanki ang'onoang'ono ambiri ali pakati pa 2 ndi 3, chikhalirecho mwa masamu chitsulo chosalala cha theka la milimita chikhoza kugwira 8 bar pa thanki yotere. Ndiponso dzimbiri limakonda kudya timaenje, kotero kaenje kamodzi kamaboola kusanapyapyale ponse, mphepo n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono. Mathanki ambiri amafa imfa yofatsa imeneyi. Koma si onse. Mu February 2002, bungwe loona za chitetezo cha katundu wa ogula ku America, Consumer Product Safety Commission, pamodzi ndi kampani ya Ingersoll-Rand, analengeza zoitanitsa makompresa onyamulika pafupifupi 458,000 amene anagulitsidwa pakati pa 1983 ndi 1991, chifukwa dzimbiri la m'kati linkatha kuphulitsa thanki mwadzidzidzi. Mathanki amene anadziwika kuti aphulika anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chimenechi, komabe anaona kuti n'kofunika kuwachotsa onse, chifukwa palibe amene angaloze ndi chala kuti iyi idzangobooka, iyo idzang'ambika. Timaenje tikayandikana pa mzere umodzi, kamodzi kakaboola, chitsulo cha pakati pake chimatha kutsatira nthawi yomweyo.

Timati tsoka silinunkha, koma pa nkhani iyi nthawi zambiri limayamba lachenjeza, ndipo chenjezo lake ndi kabowo kaja. Thanki imene yabooka pansi ikukuuzani kuti pamalo amodzi mamilimita onse awiri kapena atatu adyeka mpaka kutha. Madzi amene anachita zimenezi sanakhale pa kadontho kamodzi. Anayala mzere wonse. Kabowoko ndi kaenje kamene kafika poyamba, ndipo anzake ali m'mbuyo pang'ono. Munthu akawotcherera pamenepo, kapena kulowetsapo sikulu, kapena kumatapo guluu wa zitsulo, wachotsa chenjezo n'kusiya vuto. Kuwotcherera kumawonjezeranso mavuto ake. Chitsulo chopyapyala chimapsa n'kubooka mosavuta pansi pa ndodo yowotcherera, moto umasintha kulimba kwa chitsulo chozungulira, ndipo chikamazizira chimakokana n'kusiya timing'alu tosaoneka. Chigamba chimakhala cholimba kuposa khoma lotha limene lachizungulira, kotero nthawi iliyonse thanki ikadzaza ndi kuphwa, kutanuka konse kumathera m'mphepete mwa chigambacho. Kompresa ya pa ntchito imakwera ndi kutsika presha kambirimbiri pa tsiku, mota ikunjenjemeretsa zonse, ndipo chitsulo chopindidwapindidwa chotero chimatopa. M'thanki ya kompresa ya oyilo mumakhalanso mafuta amene akhoza kuyaka akakhudzidwa ndi moto. Thanki imene ikanangofa mofatsa yabwezedwa ku 8 bar ili yofooka kuposa kale.

Wina afunsa kuti nanga thanki yatsopano sinachite kuwotchereredwa kufakitale? Inde, koma pa chitsulo chatsopano chodziwika mtundu ndi kukhuthala kwake, ndi njira yowotcherera imene inayesedwa n'kuvomerezedwa, ndipo malamulo amafuna kuti mathanki ayesedwe ndi madzi pa presha yoposa ya ntchito, kawirikawiri kamodzi ndi theka pa malamulo a ku Ulaya. Malamulo oterewa anadza anthu atalira maliro. Pa 20 March 1905 boila ya pa fakitale ya nsapato ya Grover ku Brockton, m'chigawo cha Massachusetts ku America, inaphulika n'kupha anthu 58, ndipo ngozi za mtundu umenewu ndizo zinachititsa kuti bungwe la mainjiniya la ASME likonze malamulo ake a maboila a 1914, amene pambuyo pake anakuzidwa kufikira mathanki ena a presha. Mathanki akuluakulu a m'mafakitale amakonzedwa ndithu, koma amayamba apimidwa, mbali yotha imadulidwa yonse, ndipo akamaliza amayesedwanso pamaso pa woyendera. Ntchito yotero mtengo wake umaposa thanki yatsopano ya malita 50. Nkhani si yakuti owotcherera athu alibe luso. Ngakhale katswiri woposa onse sangabwezere chitsulo chimene dzimbiri ladya pamalo amene sakuwaona.

Ena amadalira valavu yotetezera, kaja ka mkuwa kokhala ndi mphete, ati presha ikachuluka katsegula. Kavalavuka n'kofunika kwambiri, koma ntchito yake ndi ina. Kamateteza thanki yabwinobwino pamene swichi ya presha yakanika kuzimitsa mota. Kanaikidwa molingana ndi mphamvu ya thanki ili yatsopano, ndipo sikadziwa kuti khoma latha. Thanki ya dzimbiri imang'ambika pa presha ya masiku onse, geji ikuonetsa zabwinobwino, valavu ili phee. Komanso kavalavuko kamatha kuuma ndi dzimbiri kapena penti, nchifukwa chake m'pofunika kukoka mphete yake kawirikawiri thanki ili ndi mphepo, kuti mumve ngati kakutsegula ndi kutsekanso. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chochotsa kavalavu kamene kayamba kutaya mphepo n'kutsekapo ndi bawuti, kapena kumanga swichi ya presha kuti kompresa ifike pamwamba poti matayala a lole akufuna mphepo yambiri. Apa mathanki ngakhale atsopano amalowa m'ngozi. Nawo makompresa opanga tokha, a injini ya firiji yolumikiza ku silinda ya gasi kapena ku chozimitsira moto chakale, amasonkhanitsa mavuto onsewa pamodzi: injini ya firiji imatha kukwera presha kupitirira 8 bar kutali ngati palibe choiimitsa, silindayo ilibe pokhetsera madzi pansi, ndipo ikhoza kukhala ndi gasi wotsalira.

Kukhetsa madzi tsiku ndi tsiku ndiye chisamaliro choyamba, ndipo mabuku a opanga makompresa amalamula zimenezi. Lamulo la OSHA, bungwe loona za chitetezo cha pa ntchito ku America, nalo limafuna kuti thanki ya mphepo ya pa ntchito ikhale ndi kampopi pamalo otsikitsitsa ndipo ikhetsedwe kawirikawiri. Koma pali zingapo zimene zimanamiza anthu. Kampopi kakatsegulidwa osatuluka kanthu, sikuti thanki ndi youma. Kawirikawiri thope la dzimbiri latseka pakhomo, ndipo pafunika kuchotsa mphepo yonse, kumasula kampopiko ndi kutokosa. Pa makompresa ambiri onyamulika kampopi kali chapambali pang'ono, kotero osapendeketsa thanki madzi ena amatsala. Madzi ofiira pawokha si umboni woti thanki yatha, pakuti dzimbiri lochepa limafiiritsa madzi ambiri. Choyenera kudetsa nkhawa ndi zibenthu zokhuthala, kapena phokoso la zinthu zogubuduka m'kati mukaigwedeza ilibe mphepo. Ndipo ngakhale mutakhetsa mokhulupirika, khoma limatsala lonyowa. Kukhetsa kumachedwetsa dzimbiri ndipo kukhoza kuwonjezera zaka zambiri, koma sikuliletsa. Kuthira oyilo kapena mankhwala a dzimbiri m'thanki yakale sikubwezeretsa ngakhale kachidutswa ka chitsulo, ndipo petulo kapena thina siziyenera kulowamo konse. Nchifukwa chake makampani ena, monga DeWalt, amalemba pa thanki chaka chimene iyenera kusiya kugwira ntchito.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti thanki yake yafika pati? Kunja kumanena zochepa, koma penti yotukuka pansi, kadontho ka dzimbiri konyowa, mng'alu pamene miyendo kapena mpando wa mota zawotchereredwa, ndi chipsera chilichonse cha chigamba, n'zokwanira kuiweruza. Kuona m'kati n'kotheka masiku ano ndi tikamera ta pa waya tolumikiza ku foni, polowetsa pa chitsekero cha thanki mphepo itachotsedwa yonse ndi magetsi atazimitsidwa, ngakhale kamera imaonetsa dzimbiri osati kuya kwake. Makina opima kukhuthala kwa chitsulo ali kunja amathandiza kwambiri, malinga apime malo ambiri motsata mzere wapansi, poti kaenje kakang'ono n'kosavuta kukaphonya. Mayeso odalirika ndi a madzi: kuchotsa pampu, swichi ndi valavu, kudzaza thanki ndi madzi osasiyamo mpweya, kupopa ndi pampu ya manja kupitirira presha yolembedwa pa thanki, n'kuona ngati ikuchucha kapena geji ikutsika. Ntchitoyi ndi ya munthu woidziwa, ndipo imangokuuzani za lero, osati za zaka zisanu zikubwerazi. Chimene sichiyenera kuchitika n'komwe ndi kuyesa thanki yokayikitsa poipopa mpweya kuti muone ngati ipirira.

M'mafakitale zimenezi n'zalamulo. Ku South Africa malamulo a 2009 a zida za presha amafuna kuti mathanki a pa ntchito aziyenderedwa ndi kuyesedwa pasanathe miyezi 36. Ku Britain malamulo a 2000 amati mukachulukitsa presha ndi malita a thanki n'kufika 250, pafunika ndondomeko yolembedwa yoiyendera. Thanki ya malita 24 pa 8 bar imapereka 192, ya malita 50 imapereka 400. Ku Malawi lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito limapatsa oyendera a ku unduna wa zantchito mphamvu zoyendera malo a ntchito. Koma malamulo onsewa amayang'ana malo a ntchito, ndipo kompresa ya kuseri kwa nyumba, kapena ya pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, woyendera safikako kawirikawiri. Chodetsa nkhawa china ndi ulendo wa makompresa akale. Thanki imene yakalamba ku Johannesburg kapena ku Birmingham ikhoza kukwera lole kapena kontena, kupakidwa penti yatsopano, n'kuyamba moyo wachiwiri kwa munthu amene sadziwa zaka zake. Wogula kaunjika wotere ayang'ane kachitsulo kolembedwa chaka ndi presha, atsegule kampopi aone chotuluka, agwade ayang'ane pansi. Kachitsuloko kakasowa, kapena pansi pakaoneka powotcherera posachokera kufakitale, alipire mtengo wa mota ndi pampu basi.

Chotsutsa chachikulu pa zonse ndi ndalama, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Kwa wokonza matayala, kompresa ikaima ndiye kuti kunyumba sikuphikidwa, pamene kuwotcherera kabowo n'kotsika mtengo ndipo kumatha m'mawa umodzi. Koma kutaya thanki si kutaya kompresa. Mbali zodula, mota ndi pampu, pamodzi ndi swichi ndi geji, zikhoza kusamukira pa thanki ina yabwino ya presha yolingana, ndipo zimenezi ndizo zoyenera luso lonse la kukonza limene amisiri ali nalo. Thanki yakaleyo ikadulidwa ndi kutsukidwa imakhala mbaula yabwino yowotchera nyama, kapena ipite kwa ogula zitsulo zakutha. Tiyerekezenso mtengo wa thanki ndi wa mwendo wothyoka, diso, kapena moyo wa mnyamata wophunzira ntchito, amene nthawi zambiri ndiye amakhala pafupi ndi kompresa akupopa matayala. Ngozi imeneyi siigwera mwini yekha, imagwera kasitomala wodikira ndi mwana wosewera pabwalo. Pali zinanso zosafuna ndalama zambiri: kuika kompresa kuseri kwa khoma la njerwa n'kukokera mphepo ndi paipi yoyenera, osati ya pulasitiki ya madzi imene imasweka zidutswazidutswa, kusaisiya padzuwa ndi pamvula kapena pa dothi lonyowa, kuchotsa mphepo ndi kuzimitsa swichi poweruka, makamaka kumene magetsi amathimathima, poti akabwera usiku kompresa imadziyambira yokha popanda woiyang'anira.

Amene ali ndi mphamvu yaikulu pa nkhaniyi ndi owotcherera, chifukwa thanki yobooka imafikira kwa iwo isanabwerere pa ntchito. Inu amisiri, munthu akabwera ndi thanki ya kompresa yobooka pansi, muikane ntchito imeneyo, mumuonetse chifukwa chake, ndipo akavomera muidule chibowo chachikulu ndi gilayinda kuti wina asadzaipopenso mphepo.